Mpira wa Malume Bizwick Unkayenda Pang'onopang'ono

Malume anga a Bizwick anagwira padi koyamba ali ndi zaka 62. Padi ndi kachipangizo ka mabatani kamene anyamata amagwira ndi manja awiri posewera magemu apakanema. Tsiku limenelo sanabwerere gemu ayi, ankangothawa mvula.

Ine ndimagulitsa zitumbuwa ndi nanazi zodulidwa kale pakhonde la shopu ya Hopewell pa Milonde. Kulankhula sindikudziwa kwenikweni, moti makasitomala ena achilendo amangondilozera ndi chala poganiza kuti mwina sindimva. Koma malo amene ndimakhala ndi abwino. Chitseko cha shopu chili kudzanja langa lamanzere, ndipo ndikakhala pachidebe kuyamwitsa mwana wanga Jessica ndimaona sikirini yonse pamodzi ndi misana ya osewera. Zimene ndalembazi ndinaziona ndili pachidebe pomwepo, kupatula za kunyumba kwa malume ndi za ku Chinakanaka, kumene ndinachita kukwerera minibasi.

Malume ndi mlongo wawo wa mayi anga. Anabadwira m'malaini a antchito a pa esiteti ya tiyi, makolo awo ataoloka kuchokera ku Mozambique, ndipo mpaka lero akapsa mtima Chichewa chimawathera, n'kutsala Chilomwe chokhachokha. Anathyola tiyi zaka makumi awiri, kenako anawasamutsira kwa odulira. Kudulira ndi ntchito ya mpeni wokhota, ya mu June ndi July, chiperoni chikulowa m'mafupa. Ntchitoyo inawasiyira zala zokhota ngati mpeni womwewo. Batani lapakhosi la malaya amachita kuwamangira akazi awo, a Marjory.

Koma kuchedwa kwawo sikunayambe ndi zala. Anabadwa nako. Kutchalitchi anthu akafika pa kolasi, iwo amakhala akumalizitsa vesi loyamba, mawu ali pamwamba, osachita manyazi. Akayamba kukupatsa moni, ndi bwino kutula katundu. Anzawo a kuesiteti ankawatcha a Vakhani, chifukwa chilichonse ankayankha m'Chilomwe kuti vakhani vakhani, kutanthauza pang'onopang'ono. Chodabwitsa n'chakuti dengu lawo la tiyi linkadzaza msanga kuposa la anthu othamanga. Iwo amati dzanja likakhala pa chitsamba ichi, diso lizikhala kale pa chachitatu.

Atapuma ntchito mu 2017 anatuluka m'nyumba ya kampani n'kupita kukakhala kwawo kwa a Marjory, kuseri kwa msika wa Milonde. Munthu wa imvi anasanduka mkamwini watsopano. Kumeneko kunalibe wodziwa kuti a Vakhani ndani. Anayamba kukhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndevu anasiya kumeta. Kutchalitchi ankangotsegula buku, osaimba. Mayi anga anandiuza kuti, "Uziwazonda malume ako. Amuna a kuesiteti akakhala pansi choncho sachedwa kutisiya." Ine ndinkapita ndithu, koma anthu awiri osalankhula akakumana palibe chimene chimachitika. Tinkangoyang'ana nkhuku.

Tsopano za Hopewell. Ndi bambo wa ana awiri, ntchito yake kukonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemore. Ali ndi kompyuta yakale imene anagula ku Limbe kwa anthu ena amene ankataya katundu wa mu ofesi. Ikayaka imalira ngati chigayo cha kutsidya kwa mtsinje. Makina enieni osewerera magemu, aja amakhala pansi pa TV m'nyumba za mabwana, iye analibe. Anali ndi pulogalamu imene amaitcha emyuleta, ndi mapadi awiri, imodzi yomata ndi selotepi.

Tsiku lina kunalibe makasitomala, ndiye ndinalimba mtima n'kumufunsa kuti emyuleta n'chiyani.

"Amake Jessica, munapitapo ku chitsitsimutso kutabwera mlaliki wachizungu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mlaliki alankhule, womasulira atembenuze, inu mumve. Basi. Gemuyi ndi mlaliki, imalankhula chilankhulo cha makina ena. Kompyuta yangayi ndi mpingo, siimva kanthu. Emyuleta ndiye womasulira."

Anati anthu amene amapanga womasulirayo ali m'mayiko osiyanasiyana, ambiri sadziwana n'komwe nkhope, ndipo amangopanga chifukwa chokonda, kuti magemu akale asafere limodzi ndi makina ake. Ikapita miyezi ingapo amatulutsa womasulira wina wochangamuka kuposa woyamba.

Chimene Hopewell sananene n'chakuti womasulira wathuyo anali wachibwibwi. Gemu ya mpira, imene anthu ankaikonda kwambiri, inkayenda ngati osewera avala majombo a mphira m'dimba. Mpira ukamenyedwa m'mwamba, ine ndinkatha kutembenuza chitumbuwa m'mafuta n'kuyang'ananso usanatere. Woulutsa anali wa mawu okhuthala, okoka, ngati bambo amene wadzuka ndi matsire. Nanga ife tikanadziwa bwanji? Pa Milonde panalibe amene anaionapo gemuyo kwina. Tinkangoti azungu anaipanga choncho kuti anthu aziona bwino.

Mvula ija inali ya mu January 2018. A Marjory anawatuma malume kukagula sopo, makamaka n'cholinga choti adzuke pansi pa mtengo paja. Mvula inawapeza pamsika, ndipo analowa m'shopu madzi akuchucha m'chipewa. Anaima kumbuyo kwa anyamata ola lathunthu. Kenako anati, "Wa malaya ofiirawo akuthamangira kuno bwanji, chonsecho mpira ukupita uko?"

Anyamata anaseka. Wina anati, "Madala, ngati mukuona kuphweka, gwirani."

Anagwira. Padi anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati akugula nkhuku. Hopewell anawaonetsa mabatani awiri okha, lopatsira mnzako ndi lomenyera kugolo, komanso kamtengo koyendetsera munthu. Tsiku limenelo anagonja katatu. Sopo anaiwala. M'mawa mwake anabweranso, ati kudzagula sopo.

Lamulo la m'shopu ya Hopewell ndi lakuti wopambana amakhalabe, wogonja amadzuka kukaima pamzere. Wopambana amakhala pampando wa pulasitiki wobiriwira, wothyoka mkono umodzi. Mnzakeyo amakhala pa kreti ya zakumwa. Pofika pa Isitala, malume anali ataiwala kuti kreti imamveka bwanji.

Chinsinsi chawo ine ndinkachiona pa misana. Anyamata ankadina batani kasanu nthawi imodzi chifukwa chosapirira, thupi lonse likupendekera uku ndi uku, ndipo munthu wawo wa pasikirini ankazichitadi zonse zisanu mochedwa, kumenya mpira woti unapita kale. Malume ankadina kamodzi n'kudikira. Msana wawo sunkagwedezeka. Mpira uli kwa uyu, iwo diso lili kale kwa wachitatu. Akagoletsa sankakuwa, ankangotsokomola pang'ono.

Miyezi isanu yathunthu palibe amene anawadzutsa. Anameta ndevu. Anatulutsa jekete limene anavala tsiku lotsanzika kuesiteti. Oyendetsa kabaza ankawaimira pamsewu n'kumati, "Akochi, tikusiyeni pa shopu?" A Marjory ankadandaula kwa amayi anzawo kuti, "Ine ndinatuma sopo, andibweretsera mpira," koma jekete lija ankalisita okha m'mawa uliwonse.

Mu September kunabwera Wilson. Wilson ndi kondakitala wa minibasi, kwawo ku Chinakanaka, mwamuna wa pakamwa posatseka ngati chitseko cha minibasi yake. Anali atabweretsa anthu a chinkhoswe pa Milonde, ndiye podikira kuti mwambo uthe analowa m'shopu. Atamva za malume anawayang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato.

"Agogo awa? Ndiwadzutsa ndi dzanja limodzi, linali ndikudya chitumbuwa."

Anaguladi chitumbuwa. Koma gemu itangoyamba anakwinya nkhope n'kutembenukira kwa Hopewell.

"Aise, kompyuta yakoyi yadya lero? Osewerawa ali ndi malungo?"

Wilson anagonja 4-0. Chitumbuwa chinagwera pansi pa kreti.

"Iyi si gemu yake," anatero Wilson. "Bwalo lanu ndi la matope. Gemuyi siyenda chonchi."

Shopu yonse inaseka. Thomson, mmodzi mwa oyendetsa kabaza, anati, "Mukafika kwanu mukanene kuti chitumbuwa chinali choterera."

"Sekani. Madala, mubwere kwathu Loweruka mudzaone mpira."

"Ndibwera," anatero malume. "Undiphikire tiyi."

Ine ndinayang'ana Hopewell. Iye yekha sankaseka. Ankapukuta foni imene anali atapukuta kale.

Loweruka tinanyamuka anthu khumi ndi mmodzi. Ine ndinati ndikukafuna mafuta ophikira, koma zoona zake ndinkafuna kukaona. Malume anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, jekete lili chilili.

Malo osewerera kumeneko ndi kachipinda kuseri kwa shopu yometera. Kompyuta yawo inali yakuda, yosalira ngakhale pang'ono, moti ndinaganiza kuti ndi yozima. Gemu inali yomweyo, malaya omwewo, bwalo lomwelo. Koma wezulo itangolira, anthu a pasikirini anabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Woulutsa uja, amene kwathu anali bambo wa matsire, kuno ankalankhula ngati woitanira minibasi. Malume asanapeze n'komwe munthu wawo, Wilson anali atagoletsa. Akadina lopatsira, mpira unali utalandidwa kale. Aka kanali koyamba kuona msana wawo ukupendeka.

Pa hafu zigoli zinali zisanu. Anthu a kwathu anayamba kuwinduka.

"Mwaikamo chiyani mu kompyutamu?"

"Mwaithamangitsa dala kuti madala agonje."

Thomson anagwada kusuzumira pansi pa tebulo kufuna chithumwa, kenako anatuma kuti akapemphe mchere kwa okazinga tchipisi, awaze pa mapadi. Mwini malowo anaseka mpaka anatsamira khoma. Anatsegula foni yake n'kutionetsa kanema wa anthu akunja akusewera gemu yomweyo pa makina ake enieni. Inkathamanga chimodzimodzi ndi ya ku Chinakanaka.

Kenako analoza pakona ya sikirini, pamwamba. Panali kanambala kakang'ono, 100.

"Iyi ndi sipidi. Ikakhala handiredi ndiye kuti gemu ikuyenda mmene eni ake anaipangira. Yanu imalemba zingati?"

Ine ndinkadziwa. Kanambala kameneko ndinali nditakayang'ana miyezi yonseyo poyamwitsa, ndikumaganiza kuti ndi nambala ya kompyuta, monga galimoto imakhala ndi nambala yake. Ndinanena chapansipansi, kudziuza ndekha, koma m'chipindamo munali zii ndipo onse anamva.

"Fifite-faifi."

Anthu a ku Chinakanaka anafa nalo phwete. Wina anati, "Katswiri wa fifite-faifi, m'manja kwa iye," ndipo anaombadi m'manja. Hopewell ankayang'ana malata. Ine ndinalakalaka lilime langa likanagwera m'mafuta.

Malume anamaliza gemu yonse. Inatha 9-0. Anaika padi patebulo bwinobwino ndi manja awiri, anagwirana chanza ndi Wilson, n'kutuluka. Tiyi Wilson anali ataphikadi, koma malume sanamwe. Pobwerera anakhala mpando wakumbuyo.

Lolemba sanabwere ku shopu. Lachiwiri sanabwere. Mlungu wonse mpando wobiriwira unkangosinthana anthu ngati benchi ya kuchipatala. Nditapita kukawaona ndinawapeza pansi pa mapeyala paja. A Marjory anandikokera kukhitchini.

"Jekete aliika m'sutikesi," anatero. "Kudya akungotola. Mpira ndinkaudandaula ndithu, koma awa ondikhalira kuseriwa sindikuwafuna."

Ndinakakhala nawo pamkeka. Patapita nthawi analankhula osandiyang'ana.

"Miyezi yonseyi ndimamenya ana omangidwa miyendo, ine n'kumati ndine munthu."

"Inunso munali omangidwa chimodzimodzi, malume."

"Ine ndinabadwa womangidwa. Sindinamve kusiyana."

Ndinawapatsa Jessica kuti amunyamule, koma anangomugwira kaphazi n'kumusiya.

Hopewell naye manyazi anali atamugwira. Anavomera kuti ankadziwa kuti kompyuta yake imakoka miyendo, kungoti sankaganiza kuti n'kufika theka, komanso poti anthu ankasangalala anaona kuti palibe chifukwa chowasokonezera. Anakwera ya ku Blantyre n'kubwerako ndi fulashi ya emyuleta yatsopano, ndi kachitsulo kobiriwira kotalika ngati chipeso, kamene anati ndi ramu yowonjezera kompyuta mphamvu. Anatsegula kompyuta, anapukuta fumbi lodzaza chikho, n'kulowetsa kachitsuloko. Atayatsa, kanambala kaja kanakwera mpaka 100 n'kuima pomwepo. Woulutsa matsire anamuthera. Anyamata anasangalala kwambiri. Ine zitumbuwa zinayamba kundipserera, chifukwa mpira unasiya kundidikira.

Tsiku lachitatu Hopewell anatuluka kudzanjuta pafupi ndi beseni langa.

"Amake Jessica, yatsopanoyi ili ndi poitsitsira dala. Ukhoza kuiuza kuti iyende mmene ukufunira. Mukawauze madala abwere. Akakhala pampando ndizingoitsitsa mwakachetechete pa fifite-faifi, nambala ndimata ndi selotepi."

Ndinakawauza madzulo omwewo. Anayankha m'Chilomwe, mawu amene sindingalembe pano. Nkhuku zinadutsa, n'kubwereranso. Ndikuti ndizinyamuka, anafunsa.

"Wati imatsika ndi kukwera? Pamene munthu wafuna?"

"Watero."

"Sikisite ilipo?"

"Ndikafunsa."

M'mawa mwake ndikuyatsa mbaula ndinawaona akubwera, opanda jekete, nthawi imene anyamata amakhala asanafike. Analowa n'kukhala pa kreti.

"Ika sikisite. Nambala usamate. Ndiione."

Ankasewera ndi kompyuta yomwe, ola limodzi, n'kubwerera kwawo msika usanadzaze. Anamuuza Hopewell kuti kuesiteti wothyola watsopano samuyeza ndi dengu la wakale, amamuwonjezera pang'ono mlungu ndi mlungu mpaka msana uzolowere. Choncho akaona kuti kompyuta yayamba kugonja, ankalamula kuti awonjezere faifi. Hopewell zinamusangalatsa moti ankatsegula shopu msanga. "Makina a mabwana aja sangachite zimenezi," ankandiuza. "Iwo ndi handiredi basi, ufune usafune. Uyu womasulira wathu amamva ukamuuza kuti abusa, pang'onopang'ono."

Sikisite-faifi inadutsa. Sevente inawatengera milungu iwiri. A Marjory anayamba kuwafunditsira madzi m'kabeseni kuti aviike zala asananyamuke. Pofika November anali pa eyite, ndipo kompyuta inkawaopa. Koma pa eyite-faifi chala chachikulu cha kumanja chinakana. Diso linkaona, mutu unkadziwa, chala chinkafika mpira utapita. Anayesa milungu itatu. Tsiku lina anaika padi pamwendo n'kuchiyang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Apa ndiye pamalire," anatero. "Uyu alibe chiphaso chowolokera. Hopewell, tumiza mawu kwa kondakitala uja."

Wilson anabwera Lamulungu lina mu December, anthu atatuluka m'matchalitchi, ndi anzake asanu a ku Chinakanaka. Shopu inadzaza mpaka ena anaima pakhonde kunditchinga, koma Thomson anawakankha kuti amake Jessica aone. Malume anakhala pa kreti. Mpando wobiriwira anausiya wopanda munthu, ndipo Wilson anabwereka kampando kwa telala.

"Handiredi," anatero Wilson asanakhale n'komwe.

"Sikisite."

"Madala, sikisite ndi maliro. Ine ndigona."

"Ugone, ine ndigoletse."

"Chabwino, nainte-faifi. Chifukwa cha imvi."

"Imvi zonsezi faifi basi? Tayang'ana bwino, zina zili m'makutu. Sikisite-faifi."

"Nainte. Pamenepo ndadzipweteka kale."

"Iwe ukamaitanira anthu umati watsala munthu mmodzi, m'minibasi muli dalaivala yekha. Sevente."

Anthu anayamba kulowerera ngati pogulitsana mbuzi. Ena ankati madala akwereko pang'ono, ena ankati Wilson achite ulemu, munthuyu ndi msinkhu wa bambo ake. Wilson anadzuka n'kutuluka, mmene amachitira munthu pamsika akafuna kuti amuitane. Palibe amene anamuitana. Anaima pafupi ndi beseni langa, anayang'ana phiri, anakanda m'mutu, n'kubwerera.

"Eyite-faifi. Lomaliza limenelo."

Ine ndinkadziwa zimene zili pa eyite-faifi, ndipo Hopewell ankadziwanso. Malume anasisita chala chija. Kenako anavala chipewa, anagwira bondo, anadzuka, n'kuyamba ulendo wopita pakhomo. Kuchokera pa kreti kufika pakhomo ndi mapazi asanu. Anaponda loyamba. Anakonza chipewa. Anaponda lachiwiri. Anapempha munthu wina kuti asendeze mwendo, n'kumufunsanso za odwala kunyumba. Wilson ankagwedeza bondo, kuyang'ana wotchi, kuyang'ana anzake. Pa phazi lachitatu analephera kupirira.

"Eyite, eyite. Khalani pansi madala, pakhomopo mufika mawa."

Hopewell anaika eyite, ndipo onse awiri anasendera kukaiona nambala ndi maso awo.

Pa eyite aliyense anali mlendo. Wilson ankadina msanga pang'ono, malume mochedwa pang'ono. Wilson ndiye anayamba kugoletsa, hafu yoyamba isanathe. Malume sanapendeke. M'hafu yachiwiri anthu awo anayamba kupatsirana mpira kumbuyo kwawo komweko, uyu apatse uyu, uyu abwezere goloboyi, goloboyi apatse woyamba uja.

"Uwu ndi mpira kapena msonkhano wa komiti?" anafunsa mmodzi wa ku Chinakanaka.

"Tikukambirana," anayankha malume.

Wilson anatopa nazo. Anatumiza anthu ake onse kutsogolo kukalanda mpira, kumbuyo n'kusiya pululu. Malume anadina kamodzi. Mpira unadutsa pamwamba pa gulu lonselo n'kukatera kwa munthu wawo mmodzi amene anali atamuimika kutsogolo kalekale, ngati woiwalika. Unalowa. Pakhonde anthu analumpha mpaka beseni langa linapendeka. Jessica anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndipo ine ndinapezeka kuti ndaimirira.

Zinakhala 1-1 mpaka chakumapeto. Ndiye patatsala pang'ono kuti wezulo ilire, mpira unagwera pakati pa anthu awiri pafupi ndi golo la malume. Ndinaona chala chija chikunyamuka. Chinafika, koma Wilson anali atafika kale. Gemu inatha 2-1.

A ku Chinakanaka sanaseke ngati tsiku lija. Wilson anapukuta manja pa buluku, anapumira m'mwamba, n'kusamukira pampando wobiriwira, poti lamulo ndi lamulo. Malume anaika padi pa kreti ndi manja awiri, n'kudzuka. Aliyense ankayang'ana kumene alowere, ndipo ine ndinali pakhomo penipeni, mwana ali m'manja, ndikuganiza kale zokawauza a Marjory. Anabwera molunjika kwa ine. Atafika pachitseko anavula chipewa, anachikoleka pa msomali wa kuseri kwake, n'kutembenuka.

"Mzerewu ukuthera pa ndani?"

Thomson anakweza dzanja.

"Ndili pambuyo pako. Usachedwe kugonja."

Kuyambira tsiku limenelo pa Milonde gemu siyamba anthu asananenerere sipidi. Anyamata okhaokha amasewera pa handiredi, koma wina akabwera wotopa kuchokera kumunda amapempha nainte, ndipo mnzake amamufunsa kaye kuti walima mizere ingati. Aphunzitsi a pasukulu yathu amasewera pa sevente, ati chifukwa cha magalasi. Malume amapambana, amagonjanso. Masiku ena amakhala pampando mpaka masana, masiku ena amathera pamzere kukangana ndi ana a msinkhu wa zidzukulu zawo. Ndi Wilson akumana kasanu tsopano, ndipo kunenerera kwawo kumatenga nthawi kuposa gemu.

Mwezi wathawu Hopewell ankawerenga pa foni nkhani za anthu opanga womasulira aja. Anati tsopano ayamba kumuphunzitsa chilankhulo cha makina atsopano kwambiri, ndiponso akumuchepetsa kuti azikwana mu foni. Akuti zaka zikubwerazi munthu azidzasewera gemu iliyonse yakale ali pakabaza, osafuna kompyuta kapena shopu.

"Ya mu foniyo imatsika?" anafunsa malume.

"Akuti izidzatsika."

"Ikamatsika ibwere. Koma pakafoni kameneko anthu khumi adzaonera pati?"

Hopewell anati zimenezo sanalembe. Malume anatembenukira kwa bambo wina wogulitsa makala amene anali atangokhala pa kreti, akupukuta manja akuda pa malaya.

"Sevente," anatero malume.

"Akochi, dzulo munavomera eyite."

"Dzulo kunali dzuwa."